Galu, Nkhuku ndi Nyama Zakuthengo: Zimene Mwini Pulazi ku Kitwe ndi Ndola Ayenera Kudziwa

Kunja kwa mizinda ya Kitwe ndi Ndola, kumene misewu ya tala imathera, kuli mabanja ambiri amene amakhala pa mapulazi aang'onoang'ono. Ku Garneton, ku Kamfinsa ndi ku Mwekera pafupi ndi Kitwe, ndiponso ku Misundu, ku Kaniki ndi ku Fatima pafupi ndi Ndola, pabwalo limodzi mungapeze agalu awiri, nkhuku zakumudzi, mbuzi, nkhumba zingapo, mwinanso dziwe la nsomba kumunsi kwa dimba. Kuseri kwa mpanda kumakhala dambo, kamtsinje kapena nkhalango ya miombo imene owocha malasha sanaifikebe, ndipo m'menemo muli eni ake akalekale: apusi, ng'azi, ankhandwe, akadzidzi, njoka, ndi ng'ona m'madzi akuya.

Alimi ambiri amakhulupirira kuti ngozi yaikulu imacokera kuthengoko. Koma zimene zimapha anthu ndi ziweto pa mapulazi otere kawirikawiri zimalowera pa cipata ca mwini wake: galu wosalandira katemera, nkhuku yogula kumsika n'kuiponya m'khola tsiku lomwelo, gaga wotayika pansi, madzi a mumtsinje amene palibe anawayang'ana. Lamulo la dziko nalonso limagawa nyama m'njira imene ena amadabwa nayo. Ciweto ndi canu, pamodzi ndi milandu imene cingapalamule. Nyama yakuthengo si yanu, ngakhale itabadwira m'munda mwanu.

Mmene anthu anafikira ku mapulazi

Dziko limeneli kale linali la Alamba, amene ankalima, kusaka ndi kufula uci m'nkhalango zake. Ndola inakhazikitsidwa monga boma la atsamunda mu 1904, ndipo Kitwe inamangidwa mu 1936 pambali pa mgodi wa Nkana. Migodi inakoka anthu a mitundu yonse, ndipo pakati pao panali a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi, ndiponso a ku Malawi. Ana ao anakulira m'makomboni a migodi.

Pamene migodi ya ZCCM inagulitsidwa kwa makampani, nchito imene inatsirizidwa mu 2000, anthu zikwizikwi anacotsedwa nchito. Ambiri anatenga ndalama zao zopumira nagula malo kunja kwa tauni. Motero alimi oculuka a kuno ndi anthu amene amadziwa bwino za pansi pa mgodi, koma za m'khola anaziphunzira atakula kale, kawirikawiri mwa kutaya ziweto. Malowo naonso sali ngati a kum'mawa kumene makolo ao anacokera. Ku cigawo ca Copperbelt mvula imaposa mamilimita 1,000 pacaka, kuyambira mu Novembala kufika mu Epulo. Udzu umatalika msanga, nkhupakupa zimaculuka, ndipo zokwawa zimapeza pobisala pafupi ndi khomo.

Galu, mlonda amene amayenda konsekonse

Pa nyama zonse za papulazi, galu yekha ndiye amakhala mbali ziwiri. Masana amagona pakhonde ana akumusisita. Usiku ali kudambo, kumene amakumana ndi agalu a eni, ankhandwe ndi zina. Cifukwa cake nkhani ya ciwewe iyenera kuyamba.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limaika ciwerengero ca anthu ofa ndi ciwewe pa 59,000 pacaka, ambiri a iwo mu Africa ndi Asia. Pafupifupi onse amatenga matendawa kwa galu, ndipo anai mwa khumi alionse ndi ana osafika zaka 15. Kacilombo ka ciwewe kamakhala m'malovu. Kakalowa pabala, kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kulunjika ku ubongo. Ulendowo umatenga miyezi iwiri kapena itatu, ngakhale kuti nthawi zina umatha m'sabata imodzi ndipo nthawi zina umafika caka. Bala la kumaso kapena pakhosi lili pafupi ndi ubongo, ndiye cifukwa cake ana, amene nkhope zao zimalingana ndi pakamwa pa galu, ali pa ngozi yoposa.

Pali cinthu cimodzi cimene aliyense ayenera kucisunga m'mutu. Zizindikiro zikangoyamba, monga kuopa madzi, kusokonezeka ndi kupuwala, wodwala sacira. Koma zisanayambe, katemera woperekedwa msanga amateteza pafupifupi aliyense. Nthawi yonse yopulumutsira moyo ili pakati pa kulumidwa ndi kudwala, ndipo mabanja ambiri amaitaya poyembekezera kuona ngati bala lipola. Bala la ciwewe limapola ndithu, kacilombo kali paulendo.

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, asambitse bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, ndipo apite kukiliniki tsiku lomwelo. Mcere, tsabola ndi zitsamba zopaka pabala sizipha kacilombo. Galu wolumayo amangidwe pamalo pamene sangalume wina, ayang'aniridwe kwa masiku khumi, ndipo a ofesi ya zaziweto adziwitsidwe. Ngati afunika kuphedwa, asaphwanyidwe mutu, pakuti ubongo ndiwo umapimidwa kuti adziwe ngati anali ndi ciwewe. Wolumidwa asayembekezere masiku khumiwo kuti ayambe katemera.

Ng'ombe ndi mbuzi nazonso zimadwala ciwewe zikalumidwa, ndipo apa pali msampha. Ng'ombe yaciwewe imalira kosalekeza, imacuca dovu ndi kulephera kumeza, moti mwini wake amaganiza kuti yatsamwidwa ndi citsononkho ca cimanga napisa dzanja kukhosi kwake. Dzanja la mlimi silisowa mabala.

Anthu amakonda kuloza nkhandwe cala. N'zoona kuti nkhandwe imatenga ndi kupatsira ciwewe, koma amene amasunga matendawa pakati pa anthu caka ndi caka ndi agalu a pakhomo. Akatswiri anapeza kuti agalu asanu ndi awiri mwa khumi alionse m'dera akalandira katemera, kacilombo kamasowa podumphira ndipo matenda amazilala. Tanthauzo lake n'lakuti pulazi limodzi lotemera pakati pa mapulazi khumi osatemera silinathetse vuto. Iyi ndi nkhani ya anansi onse, ndipo ndi yoyenera kukambidwa pa msonkhano wa kopaletivu monga mmene fetereza amakambidwira.

Kagalu kamalandira katemera woyamba kakafika miyezi itatu, ndipo amabwerezedwa monga mmene dotolo wa ziweto walembera pa khadi. Amphaka naonso amafunika katemera yemweyo. Lamulo la Control of Dogs Act limafuna kuti agalu atemeredwe ndi kulembetsedwa, ndipo limapatsa akuluakulu a boma mphamvu yakupha agalu oyendayenda. Khadi la katemera lisungidwe bwino, cifukwa galu wanu akaluma mwana wa mnansi, ndilo loyamba kufunsidwa. Pa 28 Sepitembala caka ciliconse ndi tsiku lokumbukira nkhondo yolimbana ndi ciwewe padziko lonse, ndipo maiko anagwirizana kuti pofika mu 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi ciwewe cocokera kwa galu.

Palinso cikhulupiriro cakuti galu wanjala ndiye amalonda bwino. Galu wanjala salonda kanthu. Amacoka pakhomo kukafuna cakudya, amaphunzira kudya mazira ndi anapiye, ndipo ndiye amabwera ndi matenda.

Gaga, makoswe ndi njoka

Njoka siibwera pakhomo kudzafuna munthu. Imatsata makoswe, acule, mazira ndi anapiye, ndipo makoswe amatsata gaga ndi cimanga. Mlimi amene amasunga matumba a cakudya ca nkhuku pansi m'cipinda coyandikana ndi pogona, n'kuunjika nkhuni ndi malata akale kuseri kwa nyumba, wakonzera njoka cakudya ndi malo ogona. Migolo yovundikira, matumba oikidwa pa thandala, ndi udzu wocheche mamita angapo kuzungulira nyumba ndi makola, zimacepetsa njoka kuposa mafuta a galimoto ndi mankhwala amene anthu amathira m'mbali mwa zipupa.

Zoopsa kwambiri m'dera lino ndi mphiri, mamba ndi njoka zolavulira ululu m'maso. Mphiri siithawa, imagona panjira, makamaka madzulo, ndipo imaluma woiponda. Nsapato ndi toci popita kukhola usiku zimateteza anthu ambiri kuposa ndodo. Wolumidwa asamangidwe cingwe colimba pamwendo, asatemedwe mphini pabala, ndipo ululu usayamwidwe ndi pakamwa. Agonekedwe, mwendo kapena dzanja lisagwedezeke, mphete ndi zothina zivulidwe, ndipo anyamulidwe kupita kucipatala mosataya nthawi ndi kusaka njokayo. Zipatala zazikulu za m'derali ndi Kitwe Teaching Hospital ndi Ndola Teaching Hospital, ndipo ku Ndola kulinso cipatala ca ana ca Arthur Davison. Ululu ukalowa m'maso, kaya a munthu kaya a galu, atsukidwe ndi madzi ambiri nthawi yomweyo. Mu 2017 bungwe la WHO linaika kulumidwa ndi njoka pa mndandanda wa matenda a kumaiko otentha amene amanyalanyazidwa.

Pofuna kuthana ndi makoswe, ambiri amagula poizoni pamsika. Khoswe wodya poizoni samafa pomwepo. Amayenda mofooka, ndipo amagwidwa mosavuta ndi mphaka, galu kapena kadzidzi, amene naonso amadwala kapena kufa. Tsono mlimi amakhala atapha alonda ake, makoswe n'kubwerera oculuka. Za kadzidzi anthu amanena zambiri, ndipo kulira kwake padenga kumasowetsa tulo mabanja ena. Koma banja limodzi la akadzidzi limadya makoswe ndi mbewa mazanamazana pacaka popanda malipiro, ndipo mlimi amene ali nalo pa mtengo wa kuseri kwa nkhokwe ali ndi mwai.

Apusi ndi nkhani ina. Amalowa m'munda wa cimanga ndi m'mitengo ya mango, ndipo amaphunzira msanga. Akangopatsidwa nthoci kamodzi cifukwa ana akondwa kuwaona, mantha ao amatha, ndipo posapita nthawi amalowa m'khichini ndi kuluma. Kuwadyetsa ndiko kuyamba kwa vuto lonse.

Nkhuku ndi nkhumba: matenda olowa ndi mwini wake

Likongwe, ng'azi ndi kabawi amatenga nkhuku imodziimodzi. Citopa, cimene ena amati cideru, cimasesa khola lonse m'masiku owerengeka. Matendawa amavuta kwambiri m'nyengo yotentha mvula isanagwe, ndipo alibe mankhwala ocizira. Mapilisi a anthu ndi madzi a zitsamba amene amathiridwa m'zomwera sacita kanthu pa kacilombo kake. Cimene cilipo ndi katemera. Wa mtundu wa I-2 amapirira kutentha kuposa ena ndipo amadonthezedwa dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, miyezi inai iliyonse. Amateteza nkhuku zamoyo wabwino, saciza zodwala. Akale anati nkhanga zinapangana kusanapse.

Njira yaikulu imene citopa cimafikira pakhomo ndi nkhuku yatsopano: yogula ku Chisokone mu Kitwe kapena ku Masala mu Ndola, yopatsidwa ndi alendo, kapena yobwera nayo kumudzi pa basi. Pamsika nkhuku za m'makola ambiri zimasanganizidwa, ndipo mlimi amene waona kuti zake zayamba kuwodzera ndiye amathamangira kukazigulitsa mochipa. Nkhuku iliyonse yacilendo ikhale payokha kwa masabata awiri isanasakanizidwe ndi zinzake. Zolusa zing'onozing'ono zimagonja ndi khola la m'mwamba lotsekedwa usiku ndi kansakasa ka waya kotetezera anapiye.

Kwa nkhumba mdani ndi cigodola, matenda amene alimi a kum'mawa amawadziwa bwino. Kacilombo kake kamakhala mwa nguluwe ndi njiri popanda kuzipha, ndiponso mu nkhupakupa za m'mauna a njiri. Komabe pa mapulazi a pafupi ndi tauni kamafika kawirikawiri ndi nyama ya nkhumba yodwala, zotsala za m'malesitilanti zodyetsa nkhumba zosaphitsa, nsapato za ogula amene amayenda khola ndi khola, ndi nkhumba yamphongo yobwereka. Cigodola sicigwira munthu, koma cimapha pafupifupi nkhumba zonse zimene cagwira, ndipo cilibe mankhwala. Nkhumba zoyendayenda zilinso ndi vuto lina: zikadya cimbudzi ca munthu zimatenga masese m'nyama, ndipo njoka ya m'mimba imene imayambitsa masesewo ndi imodzi mwa zimene zimadwalitsa anthu khunyu. Khola la nkhumba ndi cimbudzi ca banja zimagwira nchito imodzi.

Za mbuzi tinganene mwacidule. Mapulazi a kuno ndi oyandikana, ndipo mbuzi ikadya kabichi wa mnansi, wolipira ndi mwini mbuzi. Milandu yotere yadanitsa mabanja ambiri kuposa mmene nkhandwe inacitirapo.

Nyama yakuthengo ili ndi mwini wake

Lamulo la Zambia Wildlife Act la mu 2015 limanena kuti nyama zonse zakuthengo m'dziko muno zili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko. Lamulo lomweli ndilo linathetsa bungwe la ZAWA, ndipo kuyambira mu 2016 nchito yake ili m'manja mwa Department of National Parks and Wildlife. Cikalata ca malo cimakupatsani nthaka, osati agwape ndi mbawala zoyendamo. Kuchera msampha wa waya m'malire a munda, kusaka ndi agalu, kapena kugula nyama yakuthengo yowamba kwa munthu wopanda cilolezo, yonseyi ndi milandu. Pa nyama zotetezedwa mwapadera, monga ngaka, cilango ca wopezeka nayo cimayambira pa zaka zisanu m'ndende.

Lamulo limalola munthu kudziteteza, kapena kuteteza mnzake, pamene nyama yaika moyo pa ngozi. Koma wapha nyama mwa njira imeneyi ayenera kukanena msanga kwa oyang'anira nyama kapena kupolisi, ndipo nyamayo ndi cikopa cake zimakhalabe za boma. Lamulo la mu 2015 silinaike dongosolo lolipira mlimi amene mbeu kapena ziweto zake zaonongedwa ndi nyama zakuthengo. Alimi amadandaula nazo zimenezi, ndipo dandaulo lao lili ndi maziko, pakuti nyama ndi ya dziko lonse koma wotaya mbuzi ndi mmodzi. Ngakhale n'tero, mpaka lamulo litasintha, citetezo ca mlimi ndi khola lolimba ndi nambala ya foni ya ofesi ya nyama imene ali nayo pafupi.

Amene afuna kuweta nyama zakuthengo angathe kutero ndi cilolezo. Kum'mwera kwa Ndola kuli Nsobe, pulazi la anthu wamba kumene nyama zakuthengo zimasungidwa m'malo ochingidwa ndipo alendo amapita kukaziona. Cosaloledwa ndico kutola mwana wa pusi, wa gwape kapena wa kadzidzi n'kumusunga pakhomo monga ciweto. Kawirikawiri mwana wa gwape wopezeka yekha m'udzu sali wamasiye; make amamubisa n'kupita kukadya.

Kuti timvetse cimene kusunga nyama yakuthengo kumatanthauza, tiyenera kucoka pang'ono ku Kitwe kupita kumadzulo kwa Chingola, m'mbali mwa mtsinje wa Kafue, kumene kuli Chimfunshi. Malowa anali pulazi la ng'ombe la David ndi Sheila Siddle. Mu 1983 woyang'anira nyama wina anawabweretsera mwana wa chimpanzi wovulala kwambiri, amene analandidwa kwa ozembetsa nyama. Anamucha dzina lakuti Pal, ndipo anacira. Mu Zambia mulibe achimpanzi a m'thengo. Ana otere ankazembetsedwa kucokera ku Zaire, imene lero ndi Democratic Republic of Congo, kuti akagulitsidwe monga ziweto za pakhomo, ndipo kuti mwana mmodzi agwidwe, make ndi acibale ena amaphedwa. Mbiri ya Pal itamveka, ena olandidwa anayamba kufika, mpaka pulazi la ng'ombe linasanduka malo osungira achimpanzi oposa 100, amodzi mwa malo aakulu otere padziko lonse. Kumeneko kunafikanso zinkhwe zotuwa za ku Congo zolandidwa kwa amalonda.

Banja lomweli linalera mvuu yamasiye yochedwa Billy, imene inakulira m'nyumba n'kumagona pa mpando wa pabalaza mpaka inakula moti sikanathanso kulowamo. Sheila Siddle anafotokoza zonsezi m'buku lake lakuti In My Family Tree. Nkhaniyi imasangalatsa, koma amene waimva n'kuyamba kulakalaka kanyama kake aone mbali inayo. Chimpanzi amakhala zaka 40 kapena kuposa, ndipo akakula amakhala ndi mphamvu zimene mwamuna wamkulu sangalimbane nazo. Mvuu yaikulu imalemera makilogalamu oposa 1,000. A Siddle anasiya moyo wao wakale, anachinga nkhalango yaikulu, analemba anchito ndi kupempha thandizo kunja kwa dziko, ndipo nchitoyo ikupitirira m'manja mwa bungwe. Ena mwa achimpanzi a ku Chimfunshi anafika kumeneko cifukwa anthu amene anawagula ali makanda analephera nao atakula. Pusi wa pa cingwe kuseri kwa nyumba amatha mofanana: akakula amaluma, ndipo kuthengo sangabwererenso.

Madzi amene onse amamwa

Mpanda umathera pa mtsinje. Pamenepo mpamene ng'ombe, galu, mwana wokatunga madzi ndi ng'ona amakumana. Mu Kafue ndi mu Kafubu muli ng'ona, ndipo zimavuta kwambiri m'miyezi yotentha ndi ya mvula, pamene zimaikira mazira ndiponso madzi amakhala odzaza ndi akuda. Ng'ona imaphunzira cizolowezi. Ziweto zikamamwa pa dooko limodzi nthawi imodzimodzi tsiku ndi tsiku, imazindikira. Kutaya nkhuku zakufa ndi matumbo a mbuzi mumtsinje ndiko kuiitana. Kumene n'kotheka, madzi atungidwe kapena kupopedwa kupita mu mwendo womwera kutali ndi gombe, ndipo agalu asazolowere kusambira pa dooko.

Ku Copperbelt madzi ali ndi ngozi ina imene kum'mawa kulibe. Pa 18 Febuluwale 2025 damu losungira zotsalira za mgodi la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linagumuka, ndipo madzi a asidi analowa mu mtsinje wa Mwambashi, umene umathira mu Kafue. Malipoti oyamba ananena za malita pafupifupi 50 miliyoni. Nsomba zinafa mtunda wautali kumunsi kwa mtsinje, mbeu za m'madimba zinapserera, madzi a m'mipopi ku Kitwe anatsekedwa kwa kanthawi, ndipo boma linatumiza ndege za asilikali kukathira laimu m'madzi kuti asidi acepe mphamvu. Aka sikanali koyamba. Mu 2006 zotayika za ku mgodi wa ku Chingola zinaipitsanso Kafue.

Asidi amasungunuka ndi kupita, koma zitsulo zimene amabwera nazo zimatsalira m'matope ndi m'udzu wa m'mbali. Ciweto cimazidya pang'onopang'ono, ndipo zimaunjikana m'ciwindi ndi mu impso. Nkhosa ndizo sizipirira mkuwa kuposa ziweto zina zonse, ndipo zingaoneke zamoyo wabwino kwa miyezi kenaka n'kufa mwadzidzidzi. Nyama zakuthengo pano ndi mboni zabwino. Nsomba zikayandama, acule akaleka kulira, mbalame zodya nsomba zikasowa pa dambo limene zinali zambiri, ziweto zicotsedweko, a ZEMA ndi a zaziweto auzidwe, ndipo nsomba zakufazo zisadyedwe kapena kupatsidwa agalu ndi nkhumba.

Cenjezo lomweli likhudza nyama iliyonse yopezeka yakufa, kaya ndi ng'ombe ya m'khola kaya ndi mbawala ya m'dambo. Mu 2011 ku Chama anthu oposa 500 anadwala anthrax atasenda ndi kudya mvuu zimene zinafa mu mtsinje wa Luangwa. Mu 2023 matendawa anabukanso, kuyambira ku Sinazongwe ku cigawo ca Kum'mwera, nafalikira m'zigawo zambiri za dziko. Ciweto ca anthrax cimafa mwadzidzidzi, nthawi zambiri cikutuluka magazi akuda osaundana m'mphuno, m'kamwa kapena kumbuyo. Mtembo wotere ukang'ambidwa, tizilombo timakumana ndi mpweya n'kusanduka timbeu tolimba timene timakhala m'nthaka zaka makumimakumi, ndipo agalu amakokera mafupa ake pabwalo pamene ana amasewera. Mtembowo usasendedwe ndiponso usakokedwe. Uphimbidwe, agalu amangidwe, ndipo wa zaziweto aitanidwe kuti aone ngati uyenera kutenthedwa kapena kukwiriridwa m'dzenje lakuya pamalo pomwepo. Ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa zotsala zimalandira katemera wa anthrax kamodzi pacaka.